Chuma cha dziko ndi moyo wa munthu: mafunso ndi mayankho kwa Achewa a ku Harare

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera tikakhala pansi ife Achewa a kuno ku Harare, kaya ndi pa msonkhano wa bungwe la maliro ku Mbare, kaya ndi panja pa tchalitchi ku Mufakose mapemphero atatha. Amachuluka kwambiri chakumapeto kwa chaka, pamene nduna ya zachuma imakapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, wailesi n'kulengeza kuti chuma chikula ndi maperesenti akutiakuti, koma munthu akayang'ana m'nyumba mwake osaona chimene chakula.

Kodi kuika moyo wabwino wa anthu patsogolo pa ndondomeko za chuma kumatanthauza chiyani?

Kumatanthauza kusintha funso limene boma limadzifunsa pogawa ndalama. Nthawi zambiri unduna wa zachuma umafunsa kuti ntchito yakutiyakuti ikulitsa chuma ndi ndalama zingati, ndipo umayembekezera kuti chuma chikakula, thanzi, maphunziro ndi mtendere wa m'mabanja zidzatsatira zokha. Njira imene tikukambirana pano imayambira kumapeto: boma limanena poyera zimene likufuna kuti zisinthe pa moyo wa anthu, monga kuti ana asamafe ndi matenda otsekula m'mimba kapena kuti nkhalamba isamagone ndi njala, kenako unduna uliwonse wopempha ndalama umayenera kusonyeza mmene pempho lake lifikitsire dziko pamenepo. Kukula kwa chuma sikutayidwa ayi, koma kumaonedwa ngati khasu, pomwe zimene zikufunika kwenikweni ndi chimanga cha m'nkhokwe.

Nanga GDP imene timaimva pa wailesi ija n'chiyani, ndipo yalakwa chiyani?

GDP ndi mtengo wa katundu yense ndi ntchito zonse zimene dziko lapanga m'chaka chimodzi. Siinalakwe kanthu, chifukwa imayeza chimene anaipangira. Vuto limabwera anthu akamaifunsa zinthu zimene singayankhe. Simon Kuznets, katswiri amene anathandiza dziko la America kuyamba kuwerengera chuma chake motere, anachenjeza kale mu 1934 kuti chiwerengero chimenechi sichingauze munthu ngati anthu a m'dziko akukhala bwino.

Taganizirani za mayi wa ku Glen View amene mpopi wa pakhomo pake wauma kwa masabata atatu. Amagula madzi a m'zigubu kwa anyamata okankha ngolo, mwana akadwala amalipira kombi yopita kuchipatala, amagula mankhwala, ndipo zikavuta kwambiri banja limagula bokosi la maliro ndi kulipira manda. Ndalama zonsezi zikalembedwa zimakweza GDP, ngakhale kuti banjalo lasauka ndipo lili pa chisoni. Pomwepo, agogo a nyumba yoyandikana nayo amene akulera zidzukulu zinayi zamasiye, kuziphikira, kuzisambitsa ndi kuzidwazika usiku, sapezeka paliponse m'chiwerengerocho chifukwa palibe amene amawalipira.

Chinanso n'chakuti chiwerengerochi chimatha kudumpha popanda wina kulemera. Mu 2014 dziko la Nigeria linasintha kawerengedwe kake, ndipo tsiku limodzi lokha GDP yake inangotsala pang'ono kuwirikiza kawiri, n'kupitirira ya South Africa. Kawerengedwe katsopanoko kanali kolondola kuposa kakale, koma wogulitsa tomato wa ku Lagos anadzuka m'mawa mwake ndi ndalama zomwe zija anagona nazo.

Koma moyo wabwino ungayezedwe? Si nkhani ya mumtima mwa munthu imeneyi?

Mbali yaikulu imayezeka bwinobwino. Zaka zimene munthu amayembekezeka kukhala ndi moyo, chiwerengero cha amayi omwalira pobereka, ana opinimbira chifukwa chosowa zakudya, ana omaliza sukulu, mabanja okhala ndi madzi aukhondo, zonsezi ndi zinthu zowerengeka. Kuyambira mu 1990 nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, UNDP, yakhala ikusanja mayiko poyang'ana zaka za moyo, maphunziro ndi ndalama pamodzi, potsatira maganizo a Mahbub ul Haq wa ku Pakistan ndi Amartya Sen wa ku India. Mu 2008 pulezidenti wa France, Nicolas Sarkozy, anapempha Joseph Stiglitz, Sen yemweyo ndi Jean-Paul Fitoussi kuti aunike nkhaniyi, ndipo lipoti lawo la mu 2009 linalimbikitsa maboma kuti aziyang'ana zimene zikufika pakhomo la munthu komanso mmene chuma chagawikira.

Mbali ya mumtima nayonso anthu amayesa kuifikira. Ofufuza amauza munthu kuti aganizire makwerero oyambira pa 0 kufika pa 10, pamwamba pake pakhale moyo wabwino koposa umene angauganizire, ndiyeno anene pamene iye waima. Mayankho amenewa ndi amene amasanjidwa chaka ndi chaka mu lipoti la dziko lonse loona za chimwemwe, limene linayamba kutuluka mu 2012. Dziko la Finland lakhala pamwamba kuyambira mu 2018, pomwe Zimbabwe ndi Malawi akhala akupezeka kufupi ndi pansi penipeni. Ine ndimalandira chiwerengero chimenechi mosamala, chifukwa ndimawadziwa anthu akwathu. Mchewa wogona pa mphasa, malungo atamugwira, mukamufunsa kuti wadzuka bwanji amayankha kuti wadzuka bwino, kaya inu. Yankho la munthu limatengera ulemu, chikhulupiriro ndi mantha ake pa yemwe akufunsayo, choncho liyenera kuikidwa pambali pa zinthu zowerengeka zija, lisamaime lokha.

Pali boma limene linachitapo zimenezi, kapena ndi nkhani za m'mayunivesite chabe?

Alipo angapo. Lodziwika kwambiri ndi la New Zealand, limene pa 30 Meyi 2019, pansi pa nduna yaikulu Jacinda Ardern ndi nduna ya zachuma Grant Robertson, linapereka bajeti yoyamba yotchedwa ya moyo wabwino. Linasankha zinthu zisanu zofunika koposa, pakati pake panali matenda a maganizo, umphawi wa ana, ndi kutukula anthu a mtundu wa Maori ndi ochokera ku zilumba za Pacific. Ku matenda a maganizo kokha kunapita ndalama za m'dzikolo zokwana 1.9 biliyoni. Chimene chinali chatsopano kwenikweni chinali kapemphedwe ka ndalama, chifukwa maunduna ankayenera kusonyeza kuti pempho lawo likukhudza chimodzi mwa zisanuzo, ndipo ankalimbikitsidwa kupempha mogwirizana m'malo molimbirana.

Ku Wales anatsata njira ya lamulo. Mu 2015 anakhazikitsa lamulo lokakamiza mabungwe a boma kuganizira mibadwo imene isanabadwe, ndipo anaika mkulu woyang'anira zimenezi, woyamba anali Sophie Howe. Mu 2019 boma la kumeneko linakana kumanga msewu waukulu watsopano pafupi ndi mzinda wa Newport, potchula kukwera mtengo kwake ndi kuonongeka kwa madambo amene msewuwo ukanadutsamo. Mu 2018 maboma a Scotland, Iceland ndi New Zealand anapanga mgwirizano wogawana nzeru pa nkhaniyi, ndipo Wales ndi Finland analowamo pambuyo pake.

Ambiri amatchula Bhutan. Kodi kumeneko ndiye kuchimake?

Kumeneko ndi kumene nkhani yoyeza chimwemwe cha anthu inatchukira. Mfumu yachinayi ya dziko laling'onoli, Jigme Singye Wangchuck, inaphunzitsa kuti chimwemwe cha anthu onse n'chofunika kuposa kuchuluka kwa katundu amene dziko lapanga, ndipo mu 2008 mfundoyi inalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo. Amayeza mbali zisanu ndi zinayi za moyo, kuphatikizapo kagwiritsidwe ntchito ka nthawi, chikhalidwe, ndi kulimba kwa ubale wa pamudzi.

Koma ife a kuno tili ndi chifukwa chapadera choyang'anitsitsa mbiri ya Bhutan. Kum'mwera kwa dzikolo kunkakhala anthu olankhula Chinepali, amene makolo awo anabwera kudzalima mibadwo ingapo m'mbuyomo. Lamulo la unzika la mu 1985 ndi kalembera wa mu 1988 zinachititsa kuti ambiri a iwo atchedwe alendo, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anthu pafupifupi 100,000 anali atathawira ku misasa ya ku Nepal. Dziko likamayeza chimwemwe cha nzika zake litayamba lachotsa ena pa mndandanda wa nzika, chiwerengerocho chimatuluka chokongola, koma ochotsedwawo saonekamo.

Nkhani imeneyi siyachilendo kwa mwana wa matchona. Makolo athu anachokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, m'mafakitale ndi m'makhitchini a azungu a ku Salisbury (Harare wa lero), ena polembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena poyenda pansi masabata angapo. Ambiri sanabwererenso. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana awo obadwira konkuno anauzidwa kuti akane unzika wa dziko limene sanalipondepo, ndipo amene sanathe kutero anatsala ndi chitupa chowatcha alendo. Nthawi yomweyo kugawidwa kwa minda kumene kunayamba mu 2000 kunachotsa antchito ambiri m'mafamu, ndipo poti analibe mudzi wobwererako, anadzadzaza Epworth ndi malo ena a m'mphepete mwa mzinda. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anakonza zambiri: ndime 43 imati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowa asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC ndipo iye ankakhala konkuno, ndi nzika mwa kubadwa. Komabe lamulo likakhala papepala, chitupa sichifika chokha m'thumba. Ndikudziwa banja lina limene agogo alibe chitupa, mwana wawo wamkazi alibe kalata ya kubadwa chifukwa cha zimenezo, ndipo mdzukulu anafika sitandade yomaliza ya pulayimale akuvutika kulembetsa mayeso. Banja lotere silioneka bwino m'mabuku a boma, ndipo ndondomeko ina iliyonse ya moyo wabwino, ngakhale italembedwa mwaluso chotani, imalidumpha. Funso loyamba limene ife tiyenera kufunsa boma lililonse lolankhula mawu amenewa ndi lakuti likuwerenga ndani.

Kodi izi si za mayiko olemera? Ife tidye kaye, zachimwemwezo pambuyo.

Funso ili ndi lomveka, koma ndikuona kuti dziko losauka ndi limene lifunika kusankha mosamala koposa, chifukwa dola iliyonse yopita kolakwika imasiya wina wopanda mankhwala. Ndipo zitsanzo zina zabwino zinachokera kwathu konkuno. Cha m'ma 2006, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare kukhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene anzathu Achishona amachitcha kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira muyeso. Ntchito imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, inayesedwa mwa sayansi, zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016, ndipo mayiko ena anaitengera. Zipangizo zake ndi benchi la matabwa, agogo ophunzitsidwa, ndi nthawi.

Ku Malawi, ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira m'boma la Mchinji mu 2006, imapereka ndalama zochepa kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Kuno ku Zimbabwe nakonso msonkho wa Edzi, umene ndi 3 peresenti yoonjezera pa msonkho wa malipiro ndi wa phindu la makampani, wakhala ukuthandiza kugula mankhwala kuyambira cha m'ma 2000. Zonsezi ndi ndondomeko za chuma zimene zinayambira pa funso la moyo wa munthu, ngakhale kuti palibe amene anazipatsa dzina lapamwamba.

Nanga mbiri ya Zimbabwe ikutiphunzitsa chiyani pa nkhaniyi?

Ikutiphunzitsa zinthu ziwiri zimene zimakokana. M'zaka khumi zoyambirira za ufulu, kuyambira mu 1980, boma linamanga sukulu ndi zipatala zambiri, ana a anthu wamba anaphunzira, ndipo imfa za ana zinatsika. Kenako kuyambira mu 1991 kunabwera ESAP, ndondomeko yokonzanso chuma imene IMF ndi World Bank ankalimbikitsa. Thandizo la boma pa mitengo ya zakudya linachotsedwa, malipiro a sukulu ndi a kuchipatala anabwerera kapena kukhwimitsidwa, ndipo mafakitale ambiri anachotsa anthu ntchito. Akuluakulu amene ankagwira ntchito ku Workington ndi ku Southerton amakumbukira bwino nyengo imeneyo. Apa phunziro n'lakuti mabuku a boma akhoza kuwongoka pomwe mabanja akupindika.

Phunziro lachiwiri linabwera mu 2008, mitengo itayamba kukwera kangapo pa tsiku limodzi, mpaka mu Januwale 2009 banki yaikulu inatulutsa pepala la madola 100 thiriliyoni. Abambo amene anasonkha penshoni kwa zaka makumi atatu anapeza kuti ndalama yawo yonse singagule buledi. Anamwino ndi aphunzitsi anasiya ntchito, mankhwala otsukira madzi anasowa, mapaipi a zonyansa anaphulika, ndipo kolera imene inavuta kwambiri ku Budiriro inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse pakati pa 2008 ndi 2009. Kuchokera pamenepo tagwira madola a ku America, mabondi a mu 2016, dola ya RTGS ya mu 2019, ndipo kuyambira mu Epulo 2024 tili ndi ndalama yatsopano yotchedwa ZiG. Munthu amene anadutsa m'zimenezi sangavomere kuti kukhazikika kwa ndalama ndi nkhani ya akatswiri okha. Ndalama yosasungunuka m'manja ndi gawo la moyo wabwino, mofanana ndi madzi a mumpopi, ndipo boma limene lingasindikize ndalama mosasamala ponena kuti likuthandiza osauka limalanda osauka omwewo.

Ndalama zochitira zonsezi zichokera kuti?

Zambiri zichokera m'thumba lomwe lilipoli, posintha kagawidwe kake. Zimbabwe ili ndi ngongole yoposa madola a ku America 20 biliyoni, ndipo chifukwa chosabweza kwa zaka zoposa makumi awiri singakongole mosavuta ku World Bank kapena ku African Development Bank. Choncho nkhani yagona pa kusankha. Mu 2001, ku Abuja, atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma ndi mayiko ochepa kwambiri amene amafikapo.

Katoleredwe ka msonkho nakonso kayenera kuunikidwa ndi diso lomwelo. Msonkho wa pa ndalama zotumizidwa pa foni ndi ku banki, umene unaikidwa pa 2 peresenti mu Okutobala 2018, ndi wosavuta kutolera ndipo umafikira ngakhale amene sali m'kaundula wa msonkho. Koma mayi wogulitsa masamba, amene phindu lake ndi laling'ono ndipo ndalama yake imazungulira tsiku ndi tsiku, amaumva kuwawa kuposa munthu wa malipiro aakulu.

Ambiri a ife timadya za pamsika ndi zamaganyu. Kodi ndondomeko yotereyi imatiwerengera?

Iyenera kutero, chifukwa kumeneko ndi kumene anthu ambiri a mumzinda uno amapezera chakudya. Mu 2005, pa ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina, nyumba za kuseri ndi misika yosavomerezeka zinagwetsedwa, ndipo nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inalemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, pogwirira ntchito, kapena zonse ziwiri. Anthu a kumudzi anauzidwa kubwerera kwawo, koma ambiri a ife kwathu kunali komwe kunagwetsedwako. Boma loyang'ana moyo wa anthu, lisanachotse munthu pamalo, limayenera kuwerengera ana amene asiye sukulu ndi odwala amene asiye kulandira mankhwala, ndipo limaona chimbudzi, denga, madzi ndi chitetezo ku moto pa Mbare Musika ngati chitukuko chenicheni chofanana ndi msewu waukulu.

Kodi malamulo a dziko lino amanenapo kanthu?

Amanena. Ndime 75 imapereka ufulu wa maphunziro oyambirira olipiridwa ndi boma, ndime 76 ufulu wa chithandizo choyambirira cha zaumoyo, ndipo ndime 77 ufulu wa madzi aukhondo ndi chakudya chokwanira. Ndime zonsezi zimaonjezera kuti boma lizikwaniritsa pang'onopang'ono malinga ndi chuma chimene lili nacho, ndipo mkangano wonse umakhala pa mawu amenewo.

Tingadziwe bwanji kuti boma silinangosintha dzina la bajeti?

Chiopsezo chimenechi ndi chenicheni, ndipo ngakhale ku New Zealand anthu anadandaula kuti ndalama zambiri za matenda a maganizo zinachedwa kusanduka chithandizo choti wodwala achione. Boma litasintha kumapeto kwa 2023, dzina lija linasiya kumveka pa bajeti. Ndondomeko yodalira mtsogoleri mmodzi imapita naye limodzi.

Pali zinthu zimene munthu wamba angayang'ane. Choyamba, ngati boma latchula chiwerengero ndi chaka, mwachitsanzo kuti mabanja angati a ku Mabvuku ndi Tafara adzakhala akutunga madzi pampopi pofika liti. Chachiwiri, ngati ziwerengerozo zikufalitsidwa ngakhale pamene zatuluka zochititsa manyazi, ndiponso zogawidwa malinga ndi dera, chifukwa kuphatikiza Borrowdale, dera la anthu olemera, ndi Epworth m'chiwerengero chimodzi kumabisa zonse zimene timafuna kudziwa. Koma chachikulu ndi kusiyana kwa ndalama yolonjezedwa ndi ndalama yotulutsidwa. Ndondomeko ya BEAM, imene yakhala ikulipirira ana osauka sukulu kuyambira mu 2001, imakhala ndi gawo lake m'bajeti chaka chilichonse, koma mphunzitsi wamkulu aliyense angakuuzeni kuti chofunika kwa iye ndi tsiku limene ndalamayo yafika pasukulu, ndi mphamvu imene yatsala nayo pofika tsikulo.

Ine monga munthu wamba ndingalankhule kuti, ndipo ndingalankhule m'Chichewa?

Bajeti isanaperekedwe, makomiti a Nyumba ya Malamulo amayenda m'madera kukamva maganizo a anthu, ndipo khonsolo ya mzinda nayonso imachititsa misonkhano m'mawodi isanakhazikitse bajeti yake ndi mitengo ya madzi. Misonkhanoyi ndi ya aliyense, ndipo ndime 6 ya malamulo aakulu a dziko imatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, choncho agogo amene amamasuka m'chilankhulo chawo ali ndi ufulu wopempha kuti amvedwe. Zimathandiza kupita monga gulu, kaya ndi bungwe la maliro, kaya ndi amayi a chigwirizano kapena a dawa, mutalemba kale zinthu zowerengeka za m'dera lanu: masiku amene mpopi unatulutsa madzi mwezi wathawu, maola amene atsikana amaima pamjigo asanapite kusukulu, ndi chiwerengero cha ana a mumsewu mwanu amene alibe kalata ya kubadwa. Pepalalo mulisiye m'manja mwa mlembi wa msonkhano, inu mutsale ndi lina, kuti chaka chamawa mudzakhale ndi pofunsira.